Anthu Amene Sanabadwepo: Mbiri ya Kalulu, Nthondo ndi Manganya

Citywest si mudzi wakale. Mpaka m'zaka za m'ma 1980 malowa anali minda ndi mabusa, pafupi ndi kamudzi ka Saggart, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Dublin ku Ireland, m'tsinde mwa mapiri. Maofesi anayamba kumangidwa m'ma 1990, kenaka hotela yaikulu, masitolo ndi nyumba zogona, ndipo mu July 2011 njanji ya Luas inafika mpaka ku Saggart. Anthu amene adzaza nyumbazi achokera kumayiko ambirimbiri, ndipo pakati pawo pali Amalawi: ena ali pasukulu, ena akusamalira okalamba, ena akugwira ntchito m'masitolo ndi mosungira katundu. Akakumana pa chinkhoswe, pa mapemphero kapena pokumbukira 6 July, nsima ikangotha pamatuluka mayina amene amatchulidwa ngati a abale otsala kumudzi. Wina akumbutsa zimene Izeki anamuchita Jakobo, wina ayesezera kayankhulidwe ka Manganya, wachikulire wina n'kuwadula pakamwa onse kuti ana inu simunamumve Kapalepale. Amene wadzaza mbale mopyola muyeso amutcha Fisi, ndipo palibe wofunsa tanthauzo.

Anthu onsewa sanabadwepo. Alibe manda, palibenso nyakwawa imene inawalemba m'kaundula. Komabe akhala nafe nthawi yaitali kuposa nduna zambiri zimene tinkazivinira pamisonkhano. Mbiri ya mmene tinawaumbira njofunika kuilondola, chifukwa imaonetsa chimene ife oyankhula Chichewa timafuna mwa munthu wam'nkhani tisanamulole kukhala mumtima mwathu.

Chiyambi chake chili pamoto wamadzulo, makamaka anthu atakolola, ntchito ya kumunda itapepuka. Nthano sinkanenedwa masana. Agogo akati "Padangotero," ana ankavomera kuti "Tili tonse," ndipo kuvomeraku kunali ndi ntchito yake. Nthano ikazizira, mayankho ankayamba kuchedwa, wina n'kuyamba kusinza, wofotokozayo n'kudziwa kuti apa pafunika kukonza. Mpangankhani aliyense amene watifika kuchokera kwa makolo anadutsa m'sefa ameneyu kwa mibadwo yambiri, ndipo osagwira mtima anatsala m'madeya.

Amene anadutsa ndi ulemu wonse ndi Kalulu, ndipo tinene chilungamo, Kalulu si wakhalidwe labwino. Nyama zonse zikukumba chitsime m'chaka cha chilala, iye akana kugwira khasu, koma usiku abwera kudzatunga, n'kunyengerera mlonda ndi uchi mpaka kumumanga miyendo. Auza Njovu ndi Mvuu, aliyense payekha, kuti akokane naye chingwe, awiriwo n'kumatuluka thukuta kukokana okhaokha, iye ali phee patchire. Nthano yoopsa kwambiri ndi ija ya chaka cha njala, pamene anapangana ndi Fisi kuti aphe amayi awo kuti odya achepe. Fisi anaphadi amake. Kalulu anakabisa ake kuphanga, n'kumapita kukadya kumeneko mwakachetechete. Mwana womvera nthano imeneyi amadziwa bwino lomwe kuti Kalulu walakwa, koma amakhalabe kumbali yake. Kalulu ndi wamng'ono pakati pa akuluakulu, monga mmene mwanayo alili pakati pa amalume ndi azakhali, monganso mmene mlimi analili pamaso pa mfumu, pamaso pa ankhondo a Chingoni, kenaka pamaso pa wokhometsa msonkho wa atsamunda. Alibe nyanga, alibe mano oopsa, ali ndi mutu wokha basi. Ndipo makolo sanamulekerere kuti azingopambana. Kamba, woyenda pang'onopang'ono uja, ndi amene amamugwira pachitsime, ana n'kuwomba m'manja kuti wochenjera wapeza mnzake.

Fisi timamuseka, koma ndikuona kuti ndiye timamudziwa bwino kuposa onse, popeza njala yake ndi yathu yomwe. Amva fungo la nyama kunjira ya kumanja, alimvanso kunjira ya kumanzere, afuna kutsata zonse ziwiri mpaka kung'ambika pakati. Ndani sanaimepo pamphambano yotere? Ndiye pali Kamdothi, amene sasekedwa konse. Mayi wosabereka aumba mwana ndi dothi, mwanayo akhala wamoyo, koma lamulo lake ndi limodzi: mvula isamugwere. Mitambo ikachita bii, mayi aima pakhomo kumuitana ndi nyimbo, iye athamangira kunyumba. Tsiku lililonse amakasewera patali pang'ono kuposa dzulo, poti ndi mwana, akufuna kukhala ngati anzake. Omvera onse amadziwa mathero nthano isanafike pakati, koma palibe amachoka. M'midzi mmene ana ambiri ankamwalira asanayambe kuyenda, amayi okhala kumbuyo kwa anawo sankamva za mwana wadothi ayi, ankamva za awo.

Pabwalo la gule wamkulu panali luso lina. Zilombo si anthu a m'nthano, ndipo eni dambwe sangalole kuti tizitchule choncho. Koma kwa woonera, chilichonse chili ndi dzina lake, kavinidwe kake ndi khalidwe lake, moti ng'oma ikangosintha amayi oimba amadziwa amene akubwera. Chadzunda amalowa ngati nkhalamba yotheratu, kenaka n'kuvina mwamphamvu zodabwitsa. Azungu ndi amishoni atafika, pabwalo panatulukira Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya. Mudzi unkamuyang'anitsitsa mlendo wamphamvu, kayendedwe kake ndi kavalidwe kake, n'kumuika pabwalo kuti aliyense amuone bwino. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, anasonkhanitsa nkhope za zilombo zimenezi mazanamazana m'nyumba ya Chamare, ndipo mu 2005 UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Munthu wam'nkhani anayamba kulowa m'buku kudzera kumishoni. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, n'kutuluka ku London ndi mutu wakuti Man of Africa, mawu otsogolera atalemba Julian Huxley. Ntara anamutsata Nthondo kuchokera kubadwa mpaka kumanda: mwana wovuta, mnyamata wakuba, wopita kutali kukafuna ntchito kwa azungu, wobwerera kwawo n'kukhala mfumu, pomaliza n'kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Kutembenukako ndi kumene amishoni ankafuna, ndipo Ntara mwini ankakukhulupirira ndi mtima wonse. Koma mphamvu ya bukuli ili mwa Nthondo wakuba uja, wanjala, wonama, wochititsa manyazi abale ake. M'masamba amenewo Ntara ankalemba munthu amene ankamuona m'midzi ya ku Lilongwe ndi ku Dedza, ndipo owerenga anamuzindikira. Mphunzitsiyu akanayamba ndi mwana womvera kuchokera tsamba loyamba, bwenzi Nthondo ataiwalika kalekale pamodzi ndi timabuku tambiri ta malangizo ta nthawi imeneyo.

John Gwengwe anachita zina. Anatenga nthano imene anthu ankaidziwa kale n'kuikulitsa kukhala buku, Sikusinja ndi Gwenembe, la mu 1965. Abale awiri apita kutali kukagwira ntchito. Wina asunga chuma, wina amwaza chake. Pobwerera, Gwenembe apha Sikusinja n'kutenga katundu wake, koma kambalame kamutsatira kakuimba zimene wachita, ndipo ngakhale akaphe kamadzukanso. Bukuli linatuluka pamene amuna zikwizikwi a dziko lino ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale ndi kumigodi ya ku Zambia, ndipo mudzi uliwonse unkadziwa kusiyana kwa wobwera ndi sutikesi, njinga ndi bulangete, ndi wobwera chimanjamanja usiku kuti anthu asamuone. Ine ndikamuwerenga Gwenembe sindiona chiwanda. Ndimaona munthu amene manyazi olowa m'mudzi wopanda kanthu anamukulira kuposa magazi a mbale wake. N'chifukwa chake amaopsa: tikudziwa pamene maganizo akewo anayambira, ngakhale sitingafike pamene iye anafika. Sikusinja ndi wabwino, timamumvera chisoni, koma amene amatisowetsa tulo ndi Gwenembe.

Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, mabuku a nkhani anachuluka, ndipo msika wake waukulu unali sukulu. A Popular Publications ku Limbe ndi a Dzuka anatulutsa mabuku a alembi monga Willie Zingani wa Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, Jolly Max Ntaba wa Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta, komanso Whyghtone Kamthunzi. Anthu anawawerenga mpaka zikuto kuthothoka, buku limodzi kuzungulira hositelo yonse. Koma nyengo imeneyi inabweranso ndi vuto lake. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968 momwemo, ndipo wolemba ankadziwa kuti nkhani yake idutsa m'manja mwa ounika, kenaka mwa osankha mabuku a mayeso. Chotetezeka chinali phunziro loonekeratu. Choncho m'nkhani zambiri za nthawiyo mtsikana wopita kutauni ankayenera kuonongeka, mwana wamasiye ankayenera kulemera pamapeto, ndipo ophunzira tinkaloweza makhalidwe a ampangankhani pamndandanda: wakhama, wansanje, wodzichepetsa. Munthu amene angathe kufotokozedwa ndi liwu limodzi sakhalitsa m'mutu mayeso akatha. Amene anatsala nafe ndi aja amene wolemba anawalola kuchita chinthu chimene ife sitinkayembekezera. Olemba ena, pofuna kunena zosaneneka, anabwerera kwa makolo: Steve Chimombo anadzutsa Napolo ndi M'bona, Jack Mapanje anabisala kumbuyo kwa bilimankhwe m'buku lake la mu 1981, ngakhale kubisalako sikunamuteteze ku ndende ya Mikuyu, kumene anakhala kuyambira 1987 mpaka 1991.

Koma anthu ambiri sanakumane ndi ampangankhani awo m'buku. Anakumana nawo pa wailesi. MBC inayamba mu 1964, ndipo m'midzi yambiri wailesi inali imodzi, kawirikawiri ya Nzeru, mabatire ake oanikidwa padzuwa masana kuti afikitse pulogalamu yamadzulo. Anthu ankadzaza pakhonde la mwini wailesi, ana pansi, akulu pamipando, wina akatsokomola onse n'kumuyang'ana. Mmenemo ndi mmene Kapalepale analowera m'nyumba za Amalawi, ndipo ambiri anakalamba osadziwa kuti mwini mawuwo dzina lake ndi Smart Likhaya Mbewe. Ku Zambia kunali Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya boma ku Lusaka. Ankakhala yekha pamaikolofoni, koma omvera ankamva mudzi wathunthu, nkhalamba ndi mawu ake, mkazi ndi mawu ake, kamwana ndi mawu ake, ndiponso phokoso la chilichonse chogwa, chothyoka kapena chothawa. Ernst Wendland anazilemba nkhani zimenezi n'kuzisanthula, moti lero tingathe kuona papepala mmene Chongo ankamangira munthu. Wailesi inatikumbutsa chimene agogo ankachidziwa kale, chakuti munthu wam'nkhani timamugwira ndi khutu. Sitinaone nkhope ya Kapalepale, koma akangotsegula pakamwa panalibe womusokoneza ndi wina.

Zisudzo za pasiteji zinaonjezera thupi pa mawuwo. John Nyanga ndi Eric Mabedi, a gulu la Kwathu, anakhala Izeki ndi Jakobo kwa zaka zambiri, ku French Cultural Centre ku Blantyre, m'maholo a m'maboma, pa wailesi, ndiponso pa kanema Television Malawi itatsegulidwa mu 1999. Chinsinsi chawo chinali chakale ngati cha Kalulu ndi Fisi: anthu awiri osasiyana, wina wooneka wopusa koma wosagonja, wina wodziyesa wanzeru koma wogwa m'mbuna kawirikawiri, onse awiri akulimbana ndi zimene omvera anasiya kunyumba, ngongole, lendi, apongozi, maliro. Nyanga atamwalira mu 2016, anthu ankauzana kuti Izeki wapita, ndipo Mabedi atatsatira mu 2021 anati Jakobo wamutsatira mnzake. Mayina a pa siteji anaphimba mayina a ubatizo.

Nkhani ya Manganya ndiye inafika patali. Tikuferanji linali sewero la uthenga, lothandizidwa ndi bungwe la ADRA, lolimbana ndi Edzi pa nthawi imene matendawa ankatha anthu ndipo ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Masewero a uthenga oterewa analipo ambiri, ndipo ochuluka anaiwalika ndalama za mabungwe zitatha. Ili linakhala chifukwa Michael Usi sanamupange Manganya kukhala mlangizi wovala tayi. Anamupanga munthu wamakani, wokonda kutsutsa, wolakwitsa poyera, wonena zimene ena amangonong'ona. Uthenga unkalowa anthu akuseka. Usi atalowa ndale, mpaka kulumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024 Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege, anthu m'minibasi ankangoti a Manganya. Bon Kalindo naye anapita ku Nyumba ya Malamulo mu 2014 anthu akumutchabe Winiko.

Dziko limene Amalawi a ku Citywest akukhalamo limaidziwa bwino nkhani imeneyi ya anthu amene sanabadwepo. Mukakwera Luas pa Fortunestown, kudutsa Belgard ndi Red Cow, n'kutsika pa Abbey Street, mupeza timapale tamkuwa tokhomedwa pansi m'mbali mwa misewu, tosonyeza mmene anadutsa Leopold Bloom pa 16 June 1904. Bloom sanadutsepo pamenepo, popeza ndi munthu wa m'buku la James Joyce, Ulysses, la mu 1922. Komabe chitseko cha nyumba yake ya pa 7 Eccles Street chikusungidwa ku James Joyce Centre, ndipo chaka chilichonse pa tsikuli anthu amavala zovala za nthawi imeneyo n'kuyenda m'mapazi ake, mwambo umene unayamba mu 1954. Bukulo ndi lovuta, ndipo ambiri okondwerera sanalimalize. Koma Bloom mwini si wovuta. Ndi munthu wofunafuna malonda a m'nyuzipepala, wokonda impso yokazinga m'mawa, amene mwana wake wamwamuna anamwalira ali ndi masiku 11, amene akudziwa kuti mkazi wake alandira mwamuna wina masana a tsiku lomwelo ndipo akuzungulira mumzinda kuti asafike msanga kunyumba. Bambo ake anali Myuda wochokera ku Hungary, ndipo m'bala ina munthu wina amamufunsa mwachipongwe kuti kwawo n'kuti, chonsecho anabadwira mu Ireland momwemo. Mmalawi amene mwana wake wabadwira ku Dublin safunika womumasulira funso limenelo. Mwa Bloom muli njala ya Fisi, muli chisoni cha make Kamdothi, mulinso kuchenjera kwa wamng'ono wokhala pakati pa amphamvu.

Anthu a ku Ireland anachitanso chinthu china chimene ndimachisirira. Mu 1935 boma lawo linakhazikitsa Irish Folklore Commission, ndipo pakati pa 1937 ndi 1939 ana a sukulu oposa 50,000 anatumidwa kwa agogo awo ndi kwa anansi kukalemba nthano, miyambi ndi zikhulupiriro m'makope. Makopewo alipo mpaka lero, ndipo ambiri aikidwa pa intaneti, moti munthu angathe kupeza zimene agogo ake analemba ali mwana. Kwathu ntchito yofanana nayo inayamba mochedwa, mu 2012, pamene Malawi National Commission for UNESCO pamodzi ndi National Library Service anayamba kujambula okamba nthano m'midzi. Nkhalamba zambiri zinali zitapita kale ndi nthano zawo, koma zimene zinapezeka zasungidwa.

Mwana wa Mmalawi wokulira ku Citywest amayankhula Chingerezi cha ku Dublin, ndipo Chichewa amachimva kukhitchini ndi pafoni. Mayi ake akamuuza za Kalulu ndi chitsime, amafunsa chifukwa chimene nyamazo sizinangotsegula mpopi, ndipo fisi anamuona pa kanema pokha. Izi zimafooketsa makolo ena, n'kusiya. Ena amapitiriza koma amamutsuka Kalulu, kumuchotsera bodza ndi umbava kuti akhale chitsanzo chabwino, ndipo nthano ya kupha amayi ija saitchula n'komwe. Pamenepo ndi pamene mwana amatembenukira ku tabuleti yake. Chitsime angathe osachidziwa, koma kukhala wamng'ono pakati pa akuluakulu amakudziwa, kukhala yekha wakhungu lakuda pagulu amakudziwa, kufuna zinthu ziwiri nthawi imodzi amakudziwa. Kalulu wosatsukidwa uja ndi amene angamugwire, ndipo akamugwira mwanayo adzafunsa yekha kuti chilala n'chiyani.

Palinso munthu wina amene ndikulakalaka kumuwerenga m'Chichewa, ndipo zomuumbira zili ponseponse m'dera lino. Ndi mayi kapena bambo wotuluka kuntchito ya usiku yosamalira okalamba, ataima pa siteshoni ya Luas m'mawa wa January kukadali mdima, manja ali m'thumba la jekete. Foni yake yadzaza mauthenga: fetereza wakwera, fizi ya mwana wa achemwali, denga la amayi likudontha, ndiponso gulu la WhatsApp likusonkha ndalama zotumizira kumudzi thupi la mnzawo. Iye amatumiza zimene angathe, koma amanamanso. Amajambulitsa pafupi ndi galimoto ya eni ake, amauza akumudzi kuti sukulu ikuyenda pamene anaisiya, amachitira nsanje mnzake amene wamanga nyumba ku Area 49, ndipo akamufunsa za tsiku lobwera amasintha nkhani. Ndi mdzukulu wa Nthondo ndi Gwenembe, ndipo wolemba adzafunika kulimba mtima kuti asamuweruze msanga kapena kumuyeretsa pofuna kusangalatsa anzake a kutchalitchi. Nkhani yake itawerengedwa pa wailesi kumudzi, oyamba kuimba foni angakhale a ku Mangochi ndi ku Mzimba, kumene mabanja ambiri ali ndi awo ku Joni.